Woyeza Nyama ndi Chilombo cha Pachipata

Alamu anga sakhulupirira ngakhale sikelo ya kuchipatala. Akatsikapo amakweranso, kenako n'kufunsa kuti sikeloyo inayezedwa liti komanso anaiyeza ndani. Anthu amawatcha a Chidindo, chifukwa zaka makumi atatu akhala akuyeza nyama kophera ng'ombe, ndipo nyama siituluka pageti popanda chidindo chawo. Chala chawo chachikulu cha kumanja n'chapepo ndi inki ya chidindocho. Achemwali anga anayesa sopo, mandimu, ngakhale mwala wokhulira mapazi, koma inkiyo inalowa m'khungu n'kukhazikika.

Kuntchito kukayikira kwawoko n'kwabwino, ndipo ine nyama ndimadya mtima uli m'malo chifukwa cha iwo. Ng'ombe isanaphedwe amaiona m'diso, kuinunkhiza kukamwa, n'kuipapasa pakhosi ngati pali zotupa. Ikaphedwa amang'amba chiwindi ndi mapapo. Pali mwambi umodzi umene amaukonda koposa, woti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo amaunena ngakhale paukwati wa eni ake. Vuto n'lakuti akaweruka amavula majombo ndi chijasi choyera n'kuzisiya kuntchito, koma diso lija amapita nalo kunyumba.

Ali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna, amene tonse timamutcha Pensulo chifukwa chiyambire ankajambula paliponse: pakhoma, m'kope la masamu, kuseri kwa kalendala. Popeza kophera ng'ombe amayamba mbandakucha n'kuweruka masana, mwanayu akamachokera kusukulu ankapeza bambo ake ataima pakhomo. Ankamukoka chikope kuti aone m'diso, kumununkhiza kukamwa, n'kumupapasa pakhosi. Poyamba ankafufuza matenda. Atasinkhuka anayamba kufufuza fodya ndi mowa. Sanapezepo kanthu ngakhale tsiku limodzi, koma iwo ankati zimenezo zikungosonyeza kuti mwanayo ndi katswiri pobisa.

Pensulo anakula n'kupita mumzinda, ndipo anatiuza kuti wapeza ntchito yojambula zilombo za m'magemu pakompyuta, pakakampani kakang'ono kamene kamalandira ntchito kuchokera kunja. Alamu anangoseka chammphuno. Anati munthu salipidwa chifukwa chojambula zilombo, ndipo anyamata okhalira pakompyuta tsiku lonse tikuwadziwa, ndi aja amabera anthu pafoni. Mwanayo atagulira mayi ake foni, alamu anaikulunga m'pepala lapulasitiki n'kuiika pamwamba pa wadiropu kuti idikire umboni. Anakangana zaka ziwiri zapitazo, ndipo anamuuza kuti asadzapondenso pakhomo mpaka atanena zoona za ntchito yake. Mwana anatengera bambo ake kuuma mutu. Sanapondedi.

Ndiye chaka chino kunabwera uthenga woti Pensulo wapeza ntchito kunja ndipo anyamuka mwezi ukatha. Anati abwera Loweruka lomaliza kudzatsanzika. Ngati khomo likhala lotseka, adzatsanzikana ndi mayi ake panjira n'kumapita. Achemwali anga anayamba kuwonda ndikuwaona. Ankati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, apite ndithu, koma apite atalowa m'nyumba imene anabadwira.

Ine ndili ndi kachipinda ka magemu kuseri kwa shopu ya zitsulo: masikirini anayi, mabenchi awiri, ndi fani imene imangoyang'ana mbali imodzi chigwereni. Pensulo ananditumizira gemu yatsopano pabasi, ndi kakalata kakuti, "Mayi aang'ono, zilombo zambiri za m'menemu ndajambula ndine." Ndiulule pano kuti nanenso ndinkakayika pang'ono. Ukakhala pafupi ndi alamu anga zaka zambiri, kukayikira kumakupatsira ngati chimfine.

Lolemba lina masana ndinangoona m'chipinda mwada. Anali alamu, ataima pakhomo monga mwa chizolowezi chawo, akununkha mankhwala otsukira pansi. Bizinesi yangayi sanaikondepo, amati ndimaphunzitsa anthu ulesi, choncho ndinaganiza kuti abwera kudzawerenga mawaya kuti akandinenere kwa oyendera nyumba. Koma anangofunsa ngati gemu ya mwana uja ili ndi mayina a amene anaipanga. Ndinawatsegulira mndandanda wa mayinawo. Anauwerenga katatu, chala chili pasikirini, ndipo dzina la Pensulo munalibe. Nditamuimbira, anati ogwira ntchito m'timakampani tating'ono salembedwa mmodzimmodzi, amangolemba dzina la kampani.

"Yankho lake ndimalidziwa kale lisanabwere," anatero alamu.

Koma sanachoke. Anapukuta kumapeto kwa benchi ndi mpango n'kukhala. Anati nyama imene ilibe kalata amaiyeza yokha, ndipo ngati mwanayo anagwiradi zilombozi, dzanja lake lioneka.

Makasitomala anga a masana ndi anthu akuluakulu, ndipo atatu ndiwo sajomba: Ometa wa tsidya la msewu, Kondakitala amene basi yake imakhalira kugalaja, ndi Anamwino akaweruka. Onse atatu ali ndi nthenda imodzi. Kupha chilombo sikuwakwanira, amafuna adziwe chifukwa chake anachipanga chotero. Chikangokhala ndi michira iwiri, ndiye mkangano wa sabata yathunthu. Ometa amawerenga zimene anthu amalemba pa intaneti n'kumazinena ngati waziganiza yekha. Kondakitala amati chilichonse ndi chinyengo cha opanga gemu chofuna kutisunga pabenchi. Anamwino amakhulupirira kuti chilombo chilichonse chinapwetekedwapo kale, n'chifukwa chake chimalusa.

Tsiku limenelo ankalimbana ndi chilombo cha nyanga zinayi chimene chinkawaponda aliyense akachiyandikira. Ometa ankati nyanga zinayizo zikuimira mphepo zinayi. Alamu anapirira kwa mphindi khumi, kenako analamula kuti gemu iimitsidwe. Anavala magalasi n'kuyandikira sikirini mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda.

"Maso ali m'mbali, mano ndi ophwatalala," anatero. "Ichi sichidya nyama, chimadyedwa. Mwachipanikizira pakona, ndiye mukufuna chikupatseni moni? Chipatseni njira."

Kondakitala anapatuka monyinyirika, ndipo chilombocho chinadutsa n'kuthawira kuthengo. Ometa anati iyenso anali atatsala pang'ono kunena zomwezo.

Kuyambira pamenepo alamu ankabwera tsiku lililonse. Padi, kachipangizo koseweretsera kaja, sankaigwira. Ankangokhala manja ali pamawondo, n'kumaweruza. Chilombo cha miyendo yakutsogolo yaitali anati chimakhala m'mapiri, musachithamangitse pokwera. China chopanda makutu anati chimamva ndi mapazi, yendani pamchenga. Nthawi zina ankaphonya, ndipo akaphonya ankati wojambulayo ndiye walakwitsa. Koma kawirikawiri ankalasa. Chimene chinatidabwitsa tonse chinali chilombo chachimimba chimene mikondo inkangonjanja pakhungu lake. Alamu anachizungulira ndi maso n'kunena kuti chatupa kumanzere kokha, monga imachitira ng'ombe ikadya msipu wanthete wonyowa, ndipo pofunika kubaya ndi pakadzenje ka kutsogolo kwa chiuno. Anamwino anabaya pomwepo. Mpweya unatuluka kuti fooo, chilombo n'kugona pansi mwamtendere.

Ine ndinalephera kudzigwira. Ndinati amene anajambula chimenechi anakulira pafupi ndi munthu wodziwa ng'ombe.

"Mabuku alipo, alamu," anandiyankha osandiyang'ana n'komwe. "Wakuba wanzeru amaba ndi risiti yomwe."

Ndinapsa mtima mpaka ndinakasesa panja pamene ndinali nditasesa kale. Masabata awiri anali atatha, achemwali akundiimbira madzulo aliwonse kufunsa ngati pali chasintha, ine n'kumangoti tidikire.

Lolemba la sabata yomaliza anafika pachipata. M'gemumo muli mpanda wautali wokhala ndi chipata chimodzi, ndipo kuseri kwake kumaoneka kanyumba kotsekula chitseko, m'kati mukuyaka nyale, patebulo pali mbale. Pachipatapo pamaima chilombo chachitali. Mawondo ake amalingana ndi nkhope ya wosewera. Chibwano n'chachikulu, mphuno zili ngati mapaipi awiri, koma maso ndi ting'onoting'ono, kutali m'mwamba. Khungu lake n'loyera, lolendewera mpaka m'mawondo, ndipo mapazi ndi akuda, onyezimira. Sichiluma, sichimenya, ndipo mkondo suchilowa. Ukayandikira chimakunyamula, kukukoka chikope, kukununkhiza kukamwa, kukupapasa pakhosi, kenako n'kukubwezera pamene unaima. Ukayandikiranso chimayambiranso. Kuti upitirire ndi gemu umayenera kukwawa m'ngalande ya madzi oipa n'kukatulukira kwina, ndipo m'kanyumba kaja sulowamo.

Ndinali nditagwira tsache pamene chinanyamula Kondakitala koyamba. Chitangomukoka chikope, ndinasiya kusesa. Kenako ndinaona dzanja lake lamanja: chala chimodzi chinali chapepo. Anamwino anayang'ana chala cha pasikirini, n'kuyang'ana dzanja limene linali pabondo kumapeto kwa benchi, kenako n'kuyang'ana ine. Ndinapukusa mutu pang'ono kuti asayerekeze.

Mkangano unabuka waukulu kuposa yonse. Kondakitala anati palibe mlonda wosalandira kangachepe, ndipo anachipatsa chilichonse chimene anali nacho m'thumba la m'gemu, mpaka nsapato. Chinangomununkhiza n'kumubweza. Ometa anabwera ndi za pa intaneti, zoti ena akuti umadutsa ukakhala wopanda chida, ena akuti opanga gemu nthawi inawathera n'kusiya chipatacho chosamaliza. Iye, amene amazindikira mutu wa munthu ali patali, sanazindikire kanthu. Anamwino anangoti mwina chinataya mwana wake, ndiye chimayeza aliyense kuti mwina n'kukhala iyeyo. Ananena motsitsa mawu, maso ali pansi.

Alamu sanagwirizane ndi aliyense. Anati chilombo chimene chimayeza ndiye kuti pali chimene chikufuna, ndipo wopanda vuto ayenera kudutsa. Kwa nthawi yoyamba anapempha padi. Ankaigwira ngati mbale yotentha, munthu wawo wa m'gemu n'kumagunda makoma, koma anafika pachipata. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anaima chilili osagwedezeka. Chinawayeza n'kuwabweza. Tsiku lotsatira anataya zida zonse. Chinawabweza. Lachitatu anakasambitsa munthu wawo pachitsime cha m'gemu, kumumwetsa mankhwala onse, n'kumuveka zoyera. Chinamukoka chikope, kumununkhiza, kumupapasa, n'kumuika pomwe anaima paja.

Tsiku limenelo anayamba kuchipezera zifukwa. Anati palibe nyama imene chibwano chimaposa chipumi, ndiponso maso sangachepe chotero pamutu waukulu choncho. Anati wojambulayo walakwitsa chifukwa anachionera pansi, ngati munthu amene waima pamapazi ake n'kuyang'ana kumwamba. Ndinkadikira kuti amve zimene anena, koma anangopukuta magalasi n'kupitiriza.

Ndinayamba kuwakayikira kuti mwina akudziwa, akungonamizira. Munthu amene amaona kachilonda kochepa ngati njere ya mpunga pachiwindi cha ng'ombe angalephere bwanji kuona chala chake chomwe? Ndinawayang'anitsitsa Lachinayi lonse. Ayi ndithu, sankadziwa. Diso lawo linazolowera kuyang'ana kunja kokha.

Lachisanu chinawabweza kasanu motsatizana. Kachisanu anaika padi pabenchi mwamphamvu, n'kuimirira, mitsempha ya pakhosi itatuluka. Sindinawaonepo atakwiya chotero pamaso pa anthu.

"Dongosolo lake n'lolondola," anatero. "Diso, kukamwa, pakhosi. Amene anachipanga ntchitoyi amaidziwa. Koma taonani apa. Inki ili pachala, chidindo chili kuti? Woyeza wanji amene sadinda? Ukayeza n'kupeza kuti palibe vuto, umadinda, nyama izipita. Ukaisunga pangowe, lero kuyeza, mawa kuyeza, yabwinobwino imakuolera m'manja. Ameneyu si woyeza. Ameneyu ndi..."

Ankalankhula akuloza, ndipo chala chawo chinali chitagunda sikirini pafupi ndi dzanja la chilombocho. Zala ziwiri zapepo zinali pamodzi, china chachikulu, china chaching'ono. Anayang'ana chalacho, n'kutsika ndi maso kukhungu loyera lolendewera, mpaka kumapazi akuda onyezimira. Kenako anakwera nawonso, mawondo, chibwano, mpaka timaso tija m'mwamba. M'chipinda munkangomveka fani. Ometa anatsekula pakamwa, Anamwino n'kumuponda phazi.

"Mwana uja anali wamng'ono," anatero alamu chapansipansi.

Zaka zonsezi ndinkalakalaka tsiku loti munthu ameneyu adzagwidwe ndi msampha wake womwe, ndipo ndinali nditasunga mawu oti ndidzanene. Tsikulo litafika ndinangowamvera chisoni, ndipo chisonicho chinandinyansa chifukwa sindinachikonzekere. Anavula magalasi, kuwaika m'thumba, n'kutuluka osatsanzika.

Madzulo achemwali anandiimbira kuti bambo a Pensulo sanadye. Anangotsitsa foni ija pawadiropu, kuivundukula, n'kuiika patebulo. Achemwali anali ndi chiyembekezo, koma ine mtima unali m'mwamba. Umboni anaupeza, inde, mwana sananame. Koma umboni womwewo unkanena kuti mwanayo wawajambula ngati chilombo n'kuwaonetsa dziko lonse. Kwa munthu ngati alamu anga, zimenezo zikanatha kukhala mlandu watsopano, woposa woyamba.

Loweruka masana Pensulo anafika kwa ine ndi chikwama chake, popeza tinagwirizana kuti mayi ake adzamupeze kuno. Anali atatalika kuposa mmene ndinkamukumbukirira, ndevu zili pachibwano. Ndinamupatsa madzi, n'kumutsina khutu kuti bambo ake afika pachipata chija. Anaika kapu pabenchi. Anati sankaganiza kuti angadzaione gemuyo, munthu amene amadana ndi magemu chotero. Makasitomala anga atatu aja analipo, akunamizira kusewera mpira pasikirini yakumapeto.

Kenako m'chipinda munada. Sanali achemwali. Alamu anali ataima pakhomo, atavala malaya opitira kutchalitchi, mapewa atadzaza mafelemu onse awiri. Pensulo anaimirira. Ndinaona chibwano chake chikukwera chokha, maso n'kutong'oka pang'ono, manja ali m'mbali, monga ankachitira ali ndi yunifolomu ya sukulu. Munthu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wamtali kuposa bambo ake, anaima kudikira kuyezedwa.

"Chija cha pachipata unajambula ndiwe?"

"Ndine, bambo."

"Wachitalikitsa miyendo."

"Ndi mmene ndinkachionera."

Alamu anagwedeza mutu ngati amene walandira lipoti la kuntchito. Ine ndinkadikira mlandu watsopano uja. Atalankhulanso, mawu anali osasa.

"Ndayesa masiku asanu. Ndataya zida, ndasamba, ndaima chilili. Njira yodutsira ilipo?"

"Palibe, bambo. Anzanga kuntchito anandiuza kuti ndiikepo, akuti anthu adzadandaula. Ndinakhala mwezi ndikuiganiza, koma sindinaipeze."

Dzanja lamanja la alamu linanyamuka lokha, chala chapepo chili patsogolo, kulunjika kuchikope cha mwanayo. Linafika pakati n'kuima. Analiyang'ana ngati si lawo, kenako analilowetsa m'thumba la buluku. Anasuntha, n'kutsamira felemu imodzi ndi msana, khomo n'kutseguka mpaka dzuwa kulowa pabenchi.

"Dutsa," anatero. "Amako aphika."

Pensulo anazengereza pang'ono, ngati munthu amene akuopa kuti anyamulidwa n'kubwezedwa pomwe anaima. Kenako anadutsa. Sindinama, alamu anamuponyera diso cham'mbali pamene ankawadutsa, poti chizolowezi sichifa tsiku limodzi. Koma chikwama cha mwanayo anachinyamula ndi iwo, ndi dzanja lamanzere, ndipo ndinawaperekeza ndi maso mpaka pokhota msewu. Lamanja linali likadali m'thumba.